Zenera likazimirira, mzere umodzi umatsala

Linali Lachinayi usiku, ukwati wa mphwanga uli Loweruka, ndipo ntchito yokonza kabuku ka ndondomeko ya mwambo inali m'manja mwanga: mayina a ankhoswe, nyimbo za kwaya, nthawi ya perekaniperekani, ndi zithunzi ziwiri pachikuto. Chithunzi choyamba chinakhala bwinobwino. Nditakoka chachiwiri kuti ndichiike pambali pa chinzake, zenera lonse linangoti zii. Panalibe chenjezo, panalibe kaphokoso. Ndinangoona chithunzi cha kumbuyo kwa sikirini, ngati kuti sindinatsegulepo kanthu madzulo onsewo. Ndinatsegulanso pulogalamuyo, ndinakokanso chithunzi chija, zenera linapitanso.

Laputopu yanga ndi yakale, ndinaigula itagwirapo kale ntchito kwina, ndipo imayendera Linux. Zikatere, anthu ambiri amathamangira mawu awiri: vairasi, kapena kufomata. Ine ndinachita zimene anandiphunzitsa mnzanga wina wokonza makompyuta. Ndinatsegula terminal, kazenera kakuda kolembamo malamulo kaja, n'kuyambitsa pulogalamuyo polemba dzina lake m'malo modina kachizindikiro kake. Nditakoka chithunzi kachitatu zenera linazimiriranso, koma ulendo uno linasiya mawu pansi pa dzina lija: Segmentation fault, ndipo m'mabulaketi pambali pake, core dumped.

Mawu anayi amenewa, pamodzi ndi mzere wina wautali umene ndinaupeza pambuyo pake, ndi amene ndikufuna kuwawerenga pano, limodzilimodzi. Ambiri amawaona ngati chitseko chimene chatsekedwa pamaso pawo. Ine ndimawaona ngati umboni, ndipo umboni umafuna kuti uyambe wadziwa amene akuupereka, anaima pati, ndipo anaona mpaka pati.

Amene akulankhula m'mawu anayiwa si pulogalamu imene yagwayo. Iyo sinapatsidwe mpata wotsanzika. Nkhani imayenda chonchi. Pulogalamu imauza purosesa kuti iwerenge kapena kulemba pa adiresi inayake ya mu memore. Mbali ya purosesa yoyang'anira ma adiresi imapeza kuti pamenepo palibe chilolezo, ndipo imaimitsa ntchito n'kuitana kernel, mtima wa Linux umene Linus Torvalds anayamba kulemba ku Helsinki mu 1991. Kernel imayang'ana m'kaundula wake, n'kupeza kuti adiresiyo sinaperekedwe kwa pulogalamuyi, kenako imaitumizira chizindikiro nambala 11, chotchedwa SIGSEGV. Pulogalamu imene sinakonzekere chizindikiro chimenechi imathera pomwepo. Ndiye pamabwera shell, amene analandira lamulo lija mu terminal ndipo wakhala akudikira kuti mwana wake amalize ntchito. Shell amalandira uthenga wa imfa, n'kuulemba pa sikirini. Mawu anayi aja ndi a mzukulu wolengeza maliro, osati a malemu. Mukalemba `echo $?` nthawi yomweyo mumaona 139, imene ndi 128 kuphatikiza 11 uja, ndipo ndi mmene shell amasungira nkhani yomweyo m'manambala.

Apa ndi pamene pali yankho la funso limene limasautsa anthu ambiri, loti n'chifukwa chiyani zenera limangozimirira popanda liwu. Mukadina kachizindikiro, pulogalamu imayamba popanda terminal yoti wolengezayo alembepo. Uthenga umakhalapo, koma umapita m'mabuku a mkati mwa kompyuta amene munthu wamba satsegula. Kuyambitsira pulogalamu mu terminal ndi kuikapo munthu woti aone pamene ikugwa.

Liwu loyamba, segmentation, ndi lakale kuposa makompyuta amene tikugwiritsa ntchito. Limachokera m'zaka za m'ma 1960, pamene akatswiri a ku MIT, General Electric ndi Bell Labs ankamanga Multics, ndipo ankagawa memore m'zigawo, chilichonse ndi malire ake ndi malamulo ake. Ken Thompson ndi Dennis Ritchie, amene anagwirako ntchito imeneyo, anayamba Unix mu 1969, ndipo mawu ambiri a nthawi imeneyo anayenda nawo mpaka kufika mu Linux. Masiku ano purosesa ya laputopu ngati yanga sigawa memore m'zigawo zoterozo. Imagawa m'timasamba tofanana, kawirikawiri ta ma byte 4096 kalikonse. Koma ganizo lake silinasinthe, ndipo aliyense amene anakulira kumudzi amalidziwa: munda uliwonse uli ndi malire, ndipo khasu lako siliyenera kugwera mu mzere wa mnzako. Kernel ndi amene amagawa mindayo, ndipo pulogalamu iliyonse imaona wake wokha.

Liwu lachiwiri, fault, ndi limene limasocheretsa. Tikalimva timaganiza za mlandu. Koma m'chilankhulo cha purosesa, fault ndi kuima kwa kanthawi kofuna kuti kernel ibwere idzaweruze. Zimenezi zimachitika kambirimbiri pa kompyuta yabwinobwino. Pulogalamu ikafuna tsamba limene ili nalo ufulu koma silinaikidwe mu RAM, purosesa imaima, kernel imabweretsa tsambalo, ntchito imapitirira, ndipo inu simudziwa n'komwe. Imene imafika pa sikirini ndi yokhayo imene kernel yalephera kuipezera chifukwa chomveka. Ine ndimaona kuti kupha pulogalamu pamenepo ndi chitetezo, ngakhale kuti usiku uja sindinazimve choncho. Pa MS-DOS panalibe mlonda wotere. Pulogalamu yosokonezeka inkatha kulemba pa memore ya ena mwakachetechete, ndipo kompyuta yonse inkauma patapita nthawi, popanda wodziwa kuti zinayambira pati. Linux inandilanda zenera limodzi, koma mafayilo anga ena ndi mapulogalamu ena anatsala osakhudzidwa.

Core ndi liwu limene ndimalikonda kwambiri pa anayiwa, chifukwa lili ndi thupi. Kuyambira m'zaka za m'ma 1950 mpaka m'ma 1970, memore ya makompyuta inkapangidwa ndi timphete ting'onoting'ono ta maginito, toloweka pa mawaya opingasana ngati mikanda. Kamphete kamodzi kankasunga bit imodzi, 0 kapena 1, malinga ndi mbali imene maginito ake alozera. Kompyuta ya Whirlwind ku MIT, pansi pa Jay Forrester, inayamba kugwiritsa ntchito memore yotere mu 1953, ndipo kwa zaka zambiri timpheteto tinkalowekedwa ndi manja, makamaka ndi amayi a m'mafakitale. Timpheteto ndi timene tinkatchedwa core. Tinatha kalekale, koma dzina linatsala. Core dumped ndiye kuti zonse zimene zinali m'mutu mwa pulogalamu pa mphindi imene inagwa zakhuthulidwira mu fayilo, kuti wina adzazione.

Mawu awiriwa amalonjeza fayilo, koma sanena kumene yaikidwa, ndipo ambiri amaifunafuna mu foda imene analimo osaipeza. Malo ake amalembedwa mu `/proc/sys/kernel/core_pattern`. Pa Ubuntu fayiloyo imaperekedwa kwa Apport, amene amasunga malipoti ake mu `/var/crash`. Pa Fedora ndi Arch imapita kwa systemd-coredump, ndipo mumaiona polemba `coredumpctl list`. Mawu akuti core dumped akasowa pa uthengawo, kawirikawiri ndiye kuti malire a kukula kwa fayiloyo aikidwa pa 0, zimene `ulimit -c` imaonetsa.

Apa shell wanena zonse zimene akudziwa. Wanena kuti mwana wafa, ndi mtundu wa imfa yake. Mboni imene inalipo pamalopo ndi kernel, ndipo nayo imalemba buku lake. Nditalemba `journalctl -k` n'kutsikira kumapeto, ndinapeza mzere uwu katatu, kamodzi pa kugwa kulikonse. Mayina a pulogalamu ndi laibulale ndawachotsa, chifukwa amene anazilemba ndi anthu ongodzipereka ndipo nkhani yanga si yowaloza chala:

`•••[4127]: segfault at 18 ip 00007f3a52c4e1b7 sp 00007ffd9e3b2a40 error 4 in lib•••.so[7f3a52c00000+9a000] likely on CPU 1`

Poyamba ndinkauona ngati mulu wa manambala. Koma akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Mzerewu uli ndi dongosolo la chiganizo: ndani, anafuna chiyani, anali ataima pati, anachita chiyani, m'nyumba ya yani.

Nambala 4127 ndi imene kernel inapatsa pulogalamuyo pa ulendo umenewo, ndipo ntchito yake ndi kukuthandizani kupeza core yoyenera pa mndandanda. Sindikhalitsapo.

Pamene ndimakhalitsa ndi pa at 18. Iyi ndi adiresi imene pulogalamu inafuna kufikapo. Manambala a mzerewu amawerengedwa m'magulu a 16, osati a 10, choncho 18 ameneyu ndi gulu limodzi la 16 kuphatikiza 8, kutanthauza 24. Tayang'anani kufupika kwake poyerekeza ndi ma adiresi anzake a mu mzere womwewo, amene ali ndi zilembo 12 kuchotsapo ma 0 akutsogolo. Palibe chinthu chenicheni chimene chimasungidwa pa adiresi 24. Linux imasiya dala chiyambi cha memore chopanda kanthu, pa makompyuta ambiri ma byte 65536 oyambirira, ngati mbuna yokumbidwira cholakwa chimodzi chodziwika. Mu zilankhulo monga C ndi C++, mbali ina ya pulogalamu ikatumidwa kukafuna chinthu n'kusachipeza, imabweza adiresi 0, imene amaitcha null, kutanthauza kuti palibe. Amene anatumayo amayenera kuyang'ana kaye zimene walandira. Akapanda kutero, amatenga 0 uja ngati adiresi yeniyeni. Ndipo popeza zinthu za mu memore zimakhala ngati fomu yokhala ndi mipata yotsatizana, iye amati, mpata umene ndikufuna uli ma byte 24 kuchokera pamwamba pa fomu. 0 kuphatikiza 24. Zili ngati mwana amene watumidwa kunyumba yachinayi kuchokera pa mtengo wa mango, pamene mtengowo kulibe.

Choncho manambala awiri okhawo anandiuza zambiri. Anandiuza kuti si vairasi. Anandiuza kuti pulogalamu inafuna chinachake chokhudza chithunzi changa, sinachipeze, ndipo inapitirira ngati yachipeza. Cholakwa chimenechi chili ndi mbiri yake. Tony Hoare, katswiri wa ku Britain, ndi amene anaika null m'chilankhulo cha ALGOL W mu 1965, ndipo mu 2009, polankhula pa msonkhano ku London, ananena poyera kuti chinali cholakwa chake chimene chawonongetsa ndalama zokwana biliyoni ya madola. Zolakwa za kagwiritsidwe ntchito ka memore ndi banja lalikulu kuposa null yekha. Microsoft inanena mu 2019 kuti pafupifupi 70 pa 100 aliwonse a mabowo a chitetezo amene inkakonza chaka ndi chaka ankachokera m'banja limeneli, ndipo opanga pulogalamu yotsegulira intaneti ya Chromium anapeza chiwerengero chofanana mu 2020. N'chifukwa chake chilankhulo cha Rust, chimene chimagwira zambiri mwa zolakwazi pulogalamu isanayambe n'kuyenda komwe, chinaloledwa kulowa mu kernel ya Linux kuyambira pa 6.1, mu December 2022.

Nambala ya pambuyo pa at ikanakhala yaitali, ikanandiuza zina. Ikanayandikana kwambiri ndi ya pambuyo pa sp, imene imaloza pamwamba pa mulu wa ntchito zimene pulogalamu yayamba koma sinamalize, ndikanaganiza kuti muluwo wasefukira. Zimenezi zimachitika ntchito ikamadziitana yokha mosalekeza mpaka kudzaza malo ake, amene pa Linux nthawi zambiri amakhala 8 MB. Ikanakhala yaitali koma yosayandikana ndi kanthu, ndikanaganiza za memore imene pulogalamu inabweza kale koma ikuigwiritsabe ntchito, ngati munthu amene wasamuka m'nyumba ya lendi koma akubwerabe ndi kiyi wakale.

Error 4 imaoneka ngati nambala ya pa mndandanda wa zolakwa, yachinayi pambuyo pa yachitatu. Si choncho. Ndi maswichi angapo ophatikizidwa. Swichi ya 1 imayaka ngati tsamba lilipo koma zimene mwafuna kuchitapo n'zoletsedwa, ndipo imakhala yozima ngati tsambalo kulibe n'komwe. Ya 2 imayaka ngati munkalemba, yozima ngati munkawerenga. Ya 4 imayaka ngati wochitayo ndi pulogalamu wamba osati kernel. Ndiye 4 payekha akuti: pulogalamu wamba inkawerenga pa tsamba limene kulibe. Izi zikugwirizana ndendende ndi at 18, ndipo mboni ikagwirizana ndi inzake mtima umakhala pansi. 6 ndi 4 kuphatikiza 2, kulemba pamene palibe tsamba. 7 ndi kulemba pa tsamba limene lilipo koma ndi lowerenga basi. Mukaona 14, kumbukirani kuwerenga kwa magulu a 16 kuja: ndi 16 kuphatikiza 4, ndipo swichi ya 16 imati purosesa inapita kukatenga lamulo lotsatira pamalo pamene palibe malamulo. Pamenepo pulogalamu sinangotambasula dzanja molakwika, yadumphira yonse kutchire.

Tsopano tifike pa kaliwu kakang'ono kamene kamanamiza anthu ambiri, in. Kernel ikuti lamulo limene linkachitika pa mphindi imeneyo, limene adiresi yake ili pambuyo pa ip, linali mkati mwa laibulale yakutiyakuti. Laibulale ndi mtolo wa ntchito zokonzeratu zimene mapulogalamu ambiri amabwereka, monga kuwerenga zithunzi kapena kujambula zilembo. Munthu akaona dzina pamenepo amati wapezeka wolakwa, n'kuyamba kuchotsa ndi kuinstolanso laibulaleyo. Koma kernel sinanene kuti wolakwa ndi ameneyo. Yanena kumene munthu wagwera, ndipo pamene wagwera si pamene anapunthwa. Dzina limene limaoneka kawirikawiri pamalo amenewa ndi la libc, laibulale imene pafupifupi pulogalamu iliyonse ya pa Linux imadalira, ndipo nthawi zambiri iyo imakhala yangopatsidwa adiresi yoipa ndi amene anaituma kuti ikopere kapena kuyeza mawu. Minibasi ikagwera m'dzenje simuyamba ndi kumanga tayala.

Manambala a m'mabulaketi ali ndi ntchito imene ndinaizindikira mochedwa. Linux imasintha dala malo amene imaika malaibulale nthawi iliyonse pulogalamu ikayamba, pofuna kusokoneza akuba, choncho ip imasiyana pa kugwa kulikonse. Koma mukachotsa nambala yoyamba ya m'mabulaketi pa ip, chotsalacho ndi mtunda kuchokera pachiyambi cha chigawo chimenecho cha laibulale. Kwa ine chinali 4e1b7. Ndinawerengera mizere yonse itatu, ndipo katatu konse chinatuluka 4e1b7, ndi at 18, ndi error 4. Kugwa kunali kumodzi, pamalo amodzi, mobwerezabwereza. Imeneyi ndi nkhani yabwino kwambiri imene wofufuza angalandire, chifukwa cholakwa chimene chimabwera mukachiitana chimagwidwa.

Mzere umatha ndi likely on CPU 1, mawu amene ma kernel atsopano amawonjezera. Ndimalemekeza liwu lakuti likely, loti mwina. Kernel ikuvomereza kuti pofika nthawi yolemba mzerewu, ntchito ikhoza kukhala itasamutsidwira ku mbali ina ya purosesa. Anaikapo mawuwa kuti ngati mapulogalamu osiyanasiyana akugwera pa mbali imodzimodzi nthawi zonse, munthu ayambe kukayikira chitsulo chenichenicho.

Kuti ndidziwe pamene panapunthwidwa, ndinafunika core ija. `coredumpctl debug` inaitsegula mu gdb, pulogalamu yofufuzira zolakwa za mapulogalamu, ndipo lamulo la zilembo ziwiri, `bt`, linatulutsa mndandanda wa ntchito zimene zinaitanizana mpaka kufika pa ngoziyo. Mndandandawu umawerengedwa chobwerera: mzere 0 pamwamba ndi pamene panagwera, mzere 1 ndi amene anatuma, mzere 2 ndi amene anatuma wotumayo, mpaka pansi pamene pulogalamu inayambira. Ulendo woyamba mizere yambiri inali ndi zizindikiro ziwiri za funso m'malo mwa mayina. Mapulogalamu amene timainstola amachotsedwa mayina a mkati kuti achepe, ndipo mayinawo amasungidwa padera. Kuyambira 2019 pali njira yotchedwa debuginfod, imene imalola gdb kukatenga mayinawo pa intaneti, ndipo Fedora, Debian, Ubuntu ndi Arch ali ndi maseva ake. Kwa amene timagula intaneti ya bandulo, apa pamafunika kuganiza kaye, chifukwa mayina a pulogalamu yaikulu amatha kulemera ma MB mazanamazana. Ine ndinavomera, popeza Loweruka linali pafupi.

Mayina atabwera, nkhani inaoneka. Mzere 0 unali ntchito ya mu laibulale yowerenga za mitundu ya chithunzi, ndipo pambali pake panalembedwa zimene inapatsidwa: 0x0. Mzere 1 unali mu pulogalamu yeniyeniyo. Iyo ndi imene inafunsa chithunzi kuti chipereke kachigawo kofotokoza mitundu yake, inalandira null, n'kumupereka kwa laibulale osayang'ana. Dzina limene kernel inatchula linali la wolandira katundu, osati la womanga mtolo. Ndipo chithunzi chachiwiri chija chinali chitadutsa m'mafoni atatu kapena anayi chisanandipeze, ndipo penapake m'njiramo kachigawo kameneko kanaduka.

Pa core pali chinthu chimene sindifuna kuti chidutse mwachangu. Fayilo imeneyi ndi zonse zimene zinali m'mutu mwa pulogalamu. Mwa yanga munali mayina a achibale ndi manambala a foni a ankhoswe. Ya pulogalamu yotsegulira intaneti ikhoza kukhala ndi mapasiwedi ndi makalata. Mndandanda wa `bt` mukhoza kuutumiza kwa opanga pulogalamu mutauwerenga kaye, koma core yathunthu si yoika pagulu.

Si zenera lililonse lozimirira limene limasiya mawu anayi aja, ndipo kusowa kwawo nakonso kumawerengedwa. Nthawi zina terminal imalemba liwu limodzi, Killed, ndipo `echo $?` imapereka 137, kutanthauza 128 kuphatikiza 9. Chizindikiro nambala 9 sichikanidwa ndipo sichisiya core. Pulogalamuyo mwina sinalakwe kanthu. RAM inatha, kernel inasankha wodya kwambiri n'kumuchotsa kuti ena apume, ndipo m'buku lake mumapeza mzere woyamba ndi Out of memory. Pa laputopu ya 4 GB yokhala ndi masamba a intaneti makumi awiri otsegula, ichi ndi choyamba kuchikayikira. Pa Fedora kuyambira 34 ndi Ubuntu kuyambira 22.04 palinso systemd-oomd, amene amatha kutseka mapulogalamu kernel isanafike pamenepo, ndipo iye amalemba mu journal wamba, choncho `journalctl -b` ndi imene imamuonetsa. Pa sikirini imfa ziwirizi zimaoneka chimodzimodzi, koma mankhwala ake ndi osiyana kotheratu: kwina mukufunika kukonza pulogalamu, kwina kutseka masamba kapena kuwonjezera RAM.

Nthawi zina liwu limakhala Aborted, nambala 134, chizindikiro 6. Apa pulogalamu yadziimitsa yokha itazindikira kuti zinthu zasokonekera mkati, ndipo kawirikawiri imasiya chifukwa pa mzere wa pamwamba pake, monga double free or corruption, kutanthauza kuti memore imodzi yabwezedwa kawiri kapena kaundula wake wawonongeka. Mzere wa pamwambawo ndiwo wofunika. Ndipo mazenera onse akapita nthawi imodzi n'kukubwezerani polowera ndi pasiwedi, musafufuze pulogalamu imene munkagwiritsa ntchito. Amene wagwa ndi woyang'anira mazenera onse, ndipo ana angopita ndi kholo.

Usiku uja ndinatsegula chithunzi chija mu pulogalamu ina, ndinachiseva mwatsopano ngati PNG, ndinachikoka, chinakhala. Kabuku kanasindikizidwa Lachisanu masana. Sabata yotsatira ndinalemba lipoti kwa opanga pulogalamuyo, chifukwa wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, ndipo pa mapulogalamu amene aliyense ali ndi ufulu wowerenga ndi kukonza, lipoti labwino ndi gawo la ntchitoyo. Ndinaikamo nambala ya mtundu wa pulogalamu, masitepe atatu obweretsa kugwako, mzere wa kernel, mndandanda wa `bt`, ndi chithunzi china chopanda nkhope za anthu chimene ndinachiwononga dala mofananamo kuti nawo aone ndi maso awo.

Patapita miyezi ingapo, mu October dzuwa likuswa mtengo, mlongo wanga anandibweretsera laputopu yake. "Achimwene, iyi ingofomatani, yanditopetsa," anatero. Ndinamupempha kuti andipatse usiku umodzi. Buku la kernel linali lodzaza ndi mizere ya segfault, koma sinkafanana ndi yanga ija. Lero pulogalamu ya intaneti, mawa yolembera makalata, mkuja kapulogalamu kakang'ono koonetsa mafoda. Nambala ya pambuyo pa at inali yaitali ndi yosiyana nthawi iliyonse, error 4 apa, 6 apo, 14 pena, malaibulale osiyanasiyana, ndipo ma CPU onse ankatchulidwa mosinthana. Mzere uliwonse pawokha unkaloza munthu wake. Onse pamodzi ankanena kuti sizingatheke kuti anthu ambiri chonchi, osadziwana, alakwe sabata imodzi pa kompyuta imodzi. Chimene onse ankapondapo ndi RAM.

Ndinaika Memtest86+ pa fulashi, ndinayatsira laputopuyo pamenepo, n'kuisiya ikulemba ndi kuwerenga memore yonse mobwerezabwereza. Pasanathe ola, pansi pa sikirini ya buluu panayamba kutuluka mizere yofiira, iliyonse ikuonetsa zimene zinalembedwa ndi zimene zinawerengedwa, zikusiyana pa bit imodzi yokha, pa ma adiresi oyandikana. Ndinazimitsa, ndinamasula tizomangira ta pansi, ndinapeza timitengo tiwiri ta RAM ndi fumbi lofiira litaunjikana pa fani. Ndinachotsa kamodzi, ndinapukuta fumbi, ndinayambitsanso mayeso. Anayenda usiku wonse, ndipo m'mawa pansi pa sikirini panalibe mzere wofiira. Kamtengo kowonongekako ndinakakulunga m'pepala n'kulembapo tsiku, ndipo mlongo wanga anatenga laputopu yake ndi mafayilo ake onse ali momwemo, ikuyendera theka la RAM mpaka atapeza ndalama yogulira kena.